Denga la Chipinda cha Mfuti

A Wyson Nampinga anali akuyala mzere womaliza wa mabuloko pamene mwini nyumba anatsika masitepe atanyamula makapu awiri a tiyi. Linali Loweruka m'mawa, pakati pa mwezi wa Okutobala, ndipo kunsi kwa nyumbayo, kumene kuno ku Canada amati ku besimenti, kunali fungo la simenti lokhalokha.

"Tiyi uyu, a Nampinga. Manje khoma ili litha lero, kapena tidikire Khirisimasi?"

"Vuto lanu anthu a ku Chipata ndi lomweli, mumafuna nyumba imere ngati bowa," anayankha a Nampinga osatembenuka. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani kapuyo apo, manja ali ndi matope."

Anagogoda bulokolo ndi chigwiriro cha chipande chawo chomangira, anaika levulo pamwamba, anayang'ana, anagogodanso kamodzi, kenaka ndiye anatsika pabenchi.

Amisiri okalamba amafanana kulikonse, kaya ndi ku Ndirande, ku Joni kapena ku Toronto: salankhula levulo isananene zake. A Nampinga anali Mlomwe wa ku Phalombe, wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Anamangapo masukulu ku Blantyre ndi mipanda ya anthu olemera ku Joni, ndipo tsopano ankakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Scarborough, kum'mawa kwa Toronto. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito ku kampani ina yomanga nyumba, Loweruka ankamangira anthu akumudzi. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anthu ankawaseka nacho. Asanayambe ntchito iliyonse ankafunsa kuti, "Khomali likutchinga chiyani?" Ankati khoma lotchinga mvula ndi lina, lotchinga mbuzi ndi lina, lotchinga maso a anthu ndi linanso, ndipo mmisiri womanga asanamve yankho amangounjika miyala.

Masabata atatu apitawo anawafunsa eni nyumbawo, a Edwin Mshanga, funso lomwelo. A Mshanga anayankha msanga kuti khomalo linali lotchinga akuba.

A Mshanga anali makaniko wa ndege, ndipo nyumba yawo inali ku Etobicoke, kumadzulo kwa Toronto, kumene ndege zimadutsa pamwamba pa madenga tsiku lonse. Bambo awo anali mlenje wa m'chigwa cha Luangwa, ndipo magaziwo sanathe. Atakhazikika ku Canada anatenga laisensi, anagula mfuti imodzi, kenaka ina, mpaka zinakwana zisanu. Novembala aliyense ankapita kumpoto kukasaka agwape ndi mnzawo Solomon Kachingwe, mkulu wa mpingo wochokera ku Dedza, ndipo nyama yake inkafika m'nyumba zambiri. Mfutizo zinkakhala m'kabati yachitsulo chopyapyala pafupi ndi makina ochapira zovala.

Chipinda chatsopanocho chinali pakona. Makoma awiri anali a maziko a nyumba, awiri enawo ndiwo a Nampinga anamanga, bowo lililonse la buloko atalowetsamo chitsulo ndi kuthiramo konkire. Chitseko chachitsulo, cholemera ngati ng'ombe yamphongo, chinali chikudikira m'galaja. Pamwamba panali mitanda yamatabwa yochirikiza pansi pa khitchini, ndipo anagwirizana kuti pamenepo adzangokhomapo thabwa lopyapyala la pulayiwudi. Wakuba sakhala ndi nthawi yoboola khitchini ya munthu.

Koma a Mshanga ananama. Ku Etobicoke akuba analipo, inde, koma si iwo anawatumiza kukagula simenti. Mwana wawo Tony, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, anali m'chipatala sabata yachisanu tsopano atayesa kuchotsa moyo wake. Kutchalitchi ankauza anthu kuti anapeza ntchito ku Calgary. Adokotala anali atanena kuti adzatuluka Lolemba la sabata yotsatira inayo, kutatsala masiku asanu ndi anayi, ndipo anawauza makolowo mosazungulira kuti m'nyumba mmene akubwereramo musakhale mfuti imene iye angaifikire.

Tiyi atatha, a Mshanga anapita kusitolo kukagula mabauti a chitseko. Galimoto itangochoka, mkazi wawo Mathilda anatsika ndi dengu la zovala. Anaziika m'makina, koma sanawayatse. Anaima akuyang'ana khomalo, manja ali m'matumba a yunifolomu yawo ya kunyumba yosamalira okalamba.

"Lakongola," anatero.

"Likatha mudzalowemo inu poyamba, mayi, bwana akakuvutani. Ali okha sangakutulutseni."

Mayi Mshanga sanaseke. Anayamba kufunsa za konkire, kuti amatenga masiku angati kuti aume, kenaka za chitseko, ngati chili ndi kiyi kapena manambala. A Nampinga anayankha zonse uku akupala matope pachipande. Kenaka mayiwo anatsitsa mawu.

"Nanga munthu wokhala m'nyumba muno, woti ali ndi tsiku lonse, angathe kulowamo?"

A Nampinga anasiya kupala. Anawayang'ana mayiwo, anayang'ana mitanda ija pamwamba, kenaka anayang'ana tebulo la zida la a Mshanga, pamene panali macheka amagetsi, makina odulira zitsulo ndi oboolera, zonse zitapachikidwa mwadongosolo ngati m'sitolo.

"Munthu wake ndani, mayi?"

"Tony sali ku Calgary."

Ananena zonse ali chiimire, osalira, ngati munthu amene analira kale misozi yonse m'galimoto pobwera kuntchito. A Nampinga anamvetsera mpaka kumapeto osawadula. Atatha, anawathokoza, anatsuka chipande ndi levulo, anaphimba matope otsala, n'kukhala pabenchi.

A Mshanga anawapeza ali pomwepo, ntchito itaima.

"Manje mwatopa kale, madala? Kapena ku Phalombe amapuma isanakwane teni?"

"Ndinakufunsani funso tsiku loyamba," anatero a Nampinga. "Munandiyankha lolakwika. Ndamanga khoma lolakwika."

A Mshanga anayang'ana mkazi wawo, amene anali atakhala pasitepe yachitatu. Nkhope yawo inasintha. Anaika paketi ya mabauti pamakina ochapira mwamphamvu, ndipo anafunsa amake Tony ngati nkhani za m'nyumba mwawo tsopano zinali za munthu aliyense wolowa ndi wilibala. Mayiwo anayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwo m'mimba munali mukuwapweteka kwa masabata asanu.

A Nampinga sanalowerere. Anangoimirira n'kupempha kuti onse akwere nawo kukhitchini. Kumeneko anayesa ndi mapazi kuchokera pakhoma, anaima pakati pa firiji ndi tebulo, ndipo anaponda pansi kawiri ndi chidendene. Pansipo panalira ngati ng'oma.

"Apa ndaima ndi pamwamba pa mfuti zanu. Pakati pa phazi langa ndi mfutizo pali thabwa lonenepa ngati zala ziwiri izi. Wakuba ali ndi mphindi khumi, khutu lili kumsewu. Kwa iye thabwali ndi lokwanira. Koma inu mumachoka sikisi m'mawa, mayi amachoka seveni." Analoza pansi ndi chala. "Macheka aja pansipa, Tony anayamba kuwagwira ali ndi zaka zingati?"



"Khumi ndi ziwiri," anayankha mayiwo. "Atate ake ndiwo anamuphunzitsa."

Ndege inadutsa pamwamba, ndipo onse anadikira kuti phokoso lithe. Kenaka a Nampinga anafotokoza zoyenera kuchita. Mizere iwiri yapamwamba ya mabuloko igumulidwe, kuti pakhale mpata. Pampatapo aike denga lakelake la chipindacho, la zitsulo zolukana ndi konkire, lomangirira ku makoma onse anayi. Chipindacho chikhala chachifupi, munthu wamtali azilowa mowerama. Akathira konkireyo, pafunika masabata atatu akumuthirira madzi, mizati yochirikiza ili m'kati, ndipo chitseko sichingapachikidwe mizatiyo isanachoke.

"Masabata atatu? Mwanayo afika m'masiku naini chabe," anatero a Mshanga.

"Ndawerenga."

"Kuli simenti youma msanga. Ndinaiona kusitolo."

"Ilipo. Ena amaidziwa bwino. Ine sindinaigwiritsepo ntchito pa denga, ndipo sindiyamba kuiphunzira pa mwana wanu."

A Mshanga anati ndiye mfutizo zikhale m'kabati momwemo masabata awiri otsalawo, makiyi azikhala m'thumba mwawo usana ndi usiku. A Nampinga anawafunsa ngati iwo, monga makaniko, angatenge mphindi zingati kutsegula kabati imeneyo popanda kiyi. A Mshanga anakoka mpando n'kukhala.

"Mfutizo zichoke muno lisanafike Lolemba lija," anatero a Nampinga. "Zida zija nazonso zichoke. A Kachingwe ali ndi laisensi, ali ndi malo osungira abwino. Zikadikire kumeneko."

"A Kachingwe ndi mkulu wa mpingo. Adzafunsa chifukwa. Tinapangana kale zopita kutchire mwezi wamawa. Ndikawauza iwo, ndauza tchalitchi chonse. Mwana wanga azidutsa anthu akunong'onezana."

"Azidutsa," anatero a Nampinga. "Mawu amenewo ndawakonda. Azidutsa ndi miyendo yake."

Ananena mwakachetechete, ndipo anakhala nawonso patebulo. Si anthu ambiri ku Toronto ankadziwa kuti a Nampinga anali ndi mng'ono wawo dzina lake Justin. Tsiku limenelo anamutchula. Anati anali mnyamata wa luso, woposa iwo pa chipande. Atayamba kudzitsekera m'nyumba, abale ankauza anthu kuti ndi malungo, kenaka anati walodzedwa, ndipo anayenda naye kwa asing'anga atatu. Palibe amene anaganiza zoyang'ana zimene zinali m'nyumbamo. Chimene chinachotsa moyo wake chinali pa shelefu, posakhoma.

"Maganizo amenewa amabwera ngati mphepo yamkuntho," anatero. "Sakhalitsa. Akapeza chitseko chotseka, nthawi zambiri amadutsa, munthuyo n'kudzuka mawa lake. Ife sitinatseke kalikonse. Tinatseka pakamwa pokha."

A Mshanga anayang'ana pansi, pamalo paja panapondedwa. Kenaka anafunsa ngati mabuloko aja ayalidwa m'mawawo angachoke osasweka. A Nampinga anati a lero achoka ndi manja, koma a sabata yatha afuna nyundo. Anatsika, anavula malaya apamwamba, ndipo anayamba kugumula khoma limene analimanga okha. Anagumula mpaka madzulo, fumbi lili m'nsidze, osadandaula ngakhale kamodzi.

Lamlungu, mapemphero atatha, a Mshanga anapempha a Kachingwe kuti akakhale nawo m'galimoto pang'ono. Zimene anakambirana m'menemo sizinamveke kunja. Chodziwika n'chakuti anakhalamo ola lathunthu, ndipo masana ake a Kachingwe anabwera okha ku Etobicoke, mfuti zisanu zija zinaikidwa m'mabokosi ake okhoma, zipolopolo padera, n'kupita. Ulendo wachiwiri unatenga macheka ndi makina onse. Pochoka a Kachingwe anangonena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo anafunsa kuti konkire akuthiridwa liti.

Sabata imeneyo a Nampinga ankati akaweruka kuntchito, ankadutsa mzinda wonse pa kagalimoto kawo kakale, kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, kudzamanga zitsulo. Anaboola makoma a maziko, analowetsamo nsonga za zitsulo, analuka zinazo ngati mphasa, mfundo iliyonse akumanga ndi waya. Pansi pake anayala matabwa, anawachirikiza ndi mizati isanu ndi umodzi.

Loweruka a Kachingwe anafika ndi amuna ena awiri a kutchalitchi, atavala zovala zakale. A Mshanga atawaona pakhomo anazizidwa, chifukwa anadziwa kuti auzidwa. Koma amunawo anangopereka moni, mmodzi anawagwira phewa pang'ono, n'kufunsa kumene kunali mafosholo.

Ntchitoyo inali yowawa. Mpata wa pakati pa dengalo ndi mitanda ya khitchini unali wosakwana mkono, moti fosholo sinkalowa. Ankasakaniza konkire panja, ankatsika naye m'ndowa, kenaka ankamupereka m'mabeseni ang'onoang'ono a mayi Mshanga kwa a Nampinga, amene anali pabenchi, mutu utapendekeka, akukankhira konkireyo m'kati ndi thabwa.

"A Nampinga, ife kwathu ku Dedza mutu umodzi susenza denga," anatero a Kachingwe akupukuta thukuta. "Inu mukufuna kulisenza ndi khosi lokha?"

"Inu pempherani, abusa, koma mukupereka beseni. Mapemphero opanda beseni konkire amauma."

"Makaniko uyu akutaya theka la ndowa pamasitepe. Ndege zake zimafika bwanji?" anafunsa a Kachingwe.

"Ndege sizinyamulidwa m'ndowa," anatero a Mshanga, ndipo kanali koyamba kuseka m'masabata asanu ndi limodzi.

Pomaliza a Nampinga anagogoda matabwa onse apansi ndi nyundo kuti mpweya utuluke, anasalaza pamwamba momwe dzanja linkafikira, ndipo anayala ziguduli zonyowa. Anati ziguduli zimenezo zisaume mpaka masabata atatu athe. A Mshanga anati azithirira okha, koma a Nampinga anakana. Anati makaniko amadziwa oyilo, ndipo amaiwala madzi. Kuyambira tsiku limenelo ankafika m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, kudzathirira denga la chipinda chopanda kanthu.

Tony anafika Lolemba. Anali wamtali ngati bambo ake, koma woonda, ndipo masiku awiri oyamba sanatuluke m'chipinda chake. Lachinayi m'mawa a Nampinga ali pabenchi ndi ndowa, anamva munthu akutsika masitepe pang'onopang'ono. Anali iye, atavala juzi yaikulu ndi masokosi okha. Anabadwira ku Canada, ndipo chinenero cha makolo ake ankachimva bwino koma poyankha chinkamuthawa. Anapereka moni mwaulemu, anayang'ana pakhoma pamene pankakhala zida, pamene tsopano panali misomali yokha, ndi kabati yachitsulo ija ili yotsegula. Kenaka anayang'ana chipindacho.

"Ankolo," anatero, akusankha mawu limodzilimodzi. "Ichi... ndi cha ine, eti?"

Bambo ake anali atamuuza kuti ndi cha akuba. A Nampinga ankadziwa zimenezo. Anafinya chiguduli, anachiyala, n'kutsika pabenchi.

"Eya, mphwanga. Ndi cha iwe."

Tony anagwedeza mutu. Sanakwiye. Anafunsa m'Chingelezi kuti dengalo linali lonenepa bwanji, ndipo a Nampinga anamuonetsa ndi dzanja. Anafunsa za zitsulo, anamuuza kuti zinali zingati, zotalikirana bwanji, zinalowa m'maziko mpaka pati. Anamuuzanso za chitseko cha m'galaja chija, kulemera kwake ndi mabauti ake. Sanamubisire kalikonse.

Mayi Mshanga, amene ankamvetsera ali pamwamba pa masitepe, anawafunsa pambuyo pake ngati kunali kwanzeru kumuuza zonsezo. A Nampinga anati khoma lodalira chinsinsi si khoma, ndi katani. Anati ndi bwino mwanayo adziwe kuti njira imeneyo palibe, asamataye nthawi kuiganizira.

Koma Tony anali asanathe. Anaima akuyang'ana ndowayo, kenaka anafunsa chifukwa chothirira madzi chinthu chimene akufuna chiume. A Nampinga anamuuza kuti konkire salimba chifukwa chouma. Amalimba chifukwa chomwa. Ukamusiya ndi ludzu masiku oyamba, kunja amaoneka bwino, koma m'kati amakhala ndi ming'alu yosaoneka.

"Ndingathe kuchita?" anafunsa Tony.

A Nampinga anamuyang'ana bwinobwino, monga ankayang'anira levulo. Anali atawakaniza bambo ake ntchito imeneyi. Anamupatsa ndowayo.

"M'mawa ndi masana. Chiguduli chikhale chonyowa, chisachite kudontha. Ndizibwera kudzakugwira bodza."

Madzi othirira konkire sachiza munthu, ndipo palibe m'nyumbamo amene ankaganiza choncho. Tony ankamwa mankhwala ake, Lachiwiri lililonse mayi ake ankapita naye kukaonana ndi dokotala, ndipo panali masiku amene sankalankhula ndi aliyense. Koma ziguduli zinkapezeka zonyowa. A Nampinga ankabwerabe, tsiku lina inde tsiku lina ayi, ankalowetsa dzanja pampata paja, ankakhudza, n'kumapita. Tsiku limodzi lokha, m'sabata yachiwiri, anapeza zitauma gwa. Sanakwere kukagogoda pachitseko cha Tony. Anatunga madzi, anathirira, anaika ndowa pamalo pake. Anauza mayi ake kuti lero mwanayo zamuvuta, amuyang'anire. Mawa lake anapeza zonyowa, ndipo nkhaniyo sinatchulidwe.

Nyengo yosaka agwape inafika n'kudutsa. A Kachingwe nawonso sanapite chaka chimenecho. Anati mawondo awo anali kuvuta, koma aliyense ankawaona akukwera masitepe a tchalitchi awiriawiri.

Loweruka lokwanitsa masabata atatu kunagwa chipale chofewa choyamba. A Nampinga anachotsa mizati umodziumodzi, anakanula matabwa, ndipo anayendetsa chikhatho pansi pa dengalo kuchokera pakona mpaka pakona. Anagogoda ndi nyundo malo asanu. Linalira mawu amodzi paliponse.

"Wathirira ndani uyu?" anafunsa, ngati sakudziwa. "Mumuuze awaphunzitse abambo ake ntchito."

Chitseko chinatsika ndi amuna asanu ndi mmodzi, Tony ali m'gulumo, chitamangidwa ndi zingwe, chikutsetsereka pa matabwa sitepe ndi sitepe. A Kachingwe ankalamula ngati akutsogolera nyimbo, ndipo a Nampinga ankawauza kuti achepetse ulaliki, agwire chingwe. Zinatenga maola atatu kuti chiime, felemu yake ilowe, mabauti amangidwe. A Nampinga anachitsegula ndi chala chimodzi, chinayenda chokha osalira. Analowa m'kati, anauza anzawo amutsekere, ndipo anatsegula ndi chogwirira cham'kati, kuti aliyense aone kuti munthu sangatsekeredwemo. A Mshanga polowa anagunda mutu.

"Ndinakuuzani. Muzilowa mowerama, ndi ulemu womwe."

Panatsala kuika manambala a loko. A Nampinga anachenjeza kuti asaike tsiku lobadwa la aliyense, kapena la ukwati, kapena nambala ya nyumba, ndipo asalembe papepala m'nyumba muno. Asanamalize, Tony anali atayamba kale kukwera masitepe. Anafika pamwamba, anatseka chitseko cha besimenti kumbuyo kwake, ndipo anamumva akuyenda mpaka pabalaza. Amuna enawo anatembenukira kukhoma, a Nampinga nawonso, mpaka loko analira.

Atamuitana, Tony anatsikanso. Anayesa chogwirira, anakankha chitsekocho ndi phewa, anakankhanso ndi mphamvu zake zonse. Chinali ngati akukankha phiri la Mulanje. Anapuma mpweya wautali, ndipo mapewa ake anatsika.

A Kachingwe anati galimoto yawo inali panja, ngati a Mshanga akufuna akatenge katundu uja lero lomwe. A Mshanga anatsala pang'ono kuvomera. Masabata anayi anali atadikira tsiku limeneli. Koma anayang'ana a Nampinga, amene ankapukuta chipande, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. M'masabata onsewo anali asanalankhule naye nkhaniyi maso ndi maso.

"Tony, mwana wanga. Ine ndinakunamiza za akuba. Manje ndikufunsa iwe. Mfutizo zibwere?"

Tony anayang'ana chitsekocho, anayang'ana bambo ake.

"Chitseko ndi chabwino, adadi," anatero pang'onopang'ono. "Koma zidikire kaye. Chisanu chithe."

"Zidikira," anatero a Mshanga.

Anatsegula, anazimitsa getsi la m'katimo, anatseka, anazunguliza chogwirira. A Kachingwe anapukusa mutu, anati m'moyo wawo wonse anali asanaonepo amuna asanu ndi mmodzi akuthyoka misana pofuna kukhomera mpweya.

"Khoma silitopa kudikira, abusa," anatero a Nampinga. "Lamva kale chimene likutchinga."

Anasonkhanitsa zida zawo m'thumba. Tony ananyamula wilibala ndi ndowa kupita nazo kukagalimoto kaja, mapazi ake akusiya zizindikiro pa chipale. Mayi Mshanga anaima pazenera la khitchini, pamalo paja panalira ngati ng'oma, akumuyang'ana mwana wawo akubwerera m'nyumba.